Agogo a ku Rosettenville akana kuti ndiwajambule

Kamera ili pabedi, sindinaikhudze chibwerereni. Mawu a agogo aja akundizungulirabe m'mutu.

Ndinawapeza ku Rosettenville, kuno ku Joni, akudulira maluwa kumpanda wa bwana wawo, atavala ovolosi yong'ambika pabondo. Kwawo ndi ku Ntcheu. Akuti anabwera pa Wenela mu 1973, kutatsala chaka chimodzi kuti Kamuzu aletse ulendo wa kumigodi, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi 74. Sanabwererenso kumudzi, mtchona weniweni. Mtima wanga unadumpha, ndinangokweza kamera osapempha n'komwe.

Anaphimba nkhope ndi chipewa. "Iyayi mdzukulu wanga, osati chonchi. Kumudzi akaone kuti zaka zonsezi ndikungopalasa dothi la eni ake? Ubwere Lamulungu, ndidzavale jekete."

Ndinati agogo, ine ndimajambula moyo mmene ulili, kuti anthu adziwe mmene Amalawi tikukhalira kuno ku Joni. Iwo anangofunsa kuti, "Anthu ake ati?" Ndinasowa chonena.

Funso limenelo landiwawa chifukwa ntchitoyi ndimaikonda. Pomwe ndinkaphunzira ku Market Photo Workshop ku Newtown, sukulu imene David Goldblatt anayambitsa mu 1989, ndinkayang'anitsitsa chithunzi cha Sam Nzima cha Hector Pieterson, mnyamata wowomberedwa ndi apolisi, atanyamulidwa ku Soweto mu 1976, ndikudziuza kuti chithunzi chimodzi chingagwedeze dziko. Koma ifeyo, nanga timaoneka liti m'nyuzipepala? Pokhapokha tikamathamangitsidwa ngati mu 2008, mitolo pamutu, kapena tikamakwezedwa basi ku Lindela, kosungira alendo obwezedwa kwawo. Ndimafuna kuonetsa zina: mpingo wa m'galaja, amayi ogulitsa usipa mobisa, anyamata otchetcha kapinga wa eni. Lendi ndimalipira ndi zithunzi za maukwati, izi ndimachita ndi ndalama za m'thumba mwanga.

Komabe ovolosi ija ndimaifunira ndani? Azungu a m'nyumba zoonetsera zithunzi angaikonde, ndikudziwa. Mlongo wawo wa ku Ntcheu sangaikonde. Ndipo jeketelo si bodza, ndi lawo ndithu, analigula ndi thukuta lomwelo.

Potsanzikana anandigwira dzanja, chikhatho chokhakhala ngati khungwa. Akuti ndidzatsukitse zithunzi ziwiri, chimodzi akapereke kwa kondakitala ku Park Station chipite kumudzi. Lamulungu ndipita. Za ovolosi ndidzafunsanso kapena ayi, mtima ukukokanabe.