Lamulungu la mayina okhaokha

Lamulungu madzulo.

M'mawa uja ndangolowa pakhomo, mkulu wa mpingo wandikokera pambali. "Achimwene, amene amayenera kuwerenga mawu lero ali kuchipatala, mwana wawo wadwala usiku. Mutithandize ndinu." Ndafunsa kuti tikuwerenga pati, akuti Aroma 16, kuyambira vesi 1 mpaka 16. Nditatsegula Baibulo, thukuta linayamba pomwepo. Mayina okhaokha: Trufena, Trufosa, Asunkrito, ndi ena oti lilime limachita kukoleka. Ndaima kutsogolo, ndawerenga pang'onopang'ono, ndipo agogo amene amakhala pampando woyamba ankatchula nane limodzi chapansipansi, maso ali tsinzi. Iwo mutuwu amaudziwa pamtima.

Mpingo wathu ndi waung'ono zedi. Tilibe tchalitchi chathuchathu, timabwereka chipinda, ndipo aliyense akabwera mipando ina imatsalabe yopanda anthu. Kwaya ndi anthu omwewo amene amasesa, ndi omwewonso amene amawerenga chopereka. Nyimbo ikayambidwa pamwamba kwambiri palibe choimbira choti chitibise, timangolimbana nayo mpaka ithe.

Ulaliki wa lero wandikhudza kuposa mmene ndimayembekezera. Mkulu uja anati mutu umenewu anthu ambiri amaudumpha, poganiza kuti ndi moni chabe. Koma Paulo analemba kalatayi ali ku Korinto, cha m'chaka cha 57 AD, asanapondeko ku Roma, komabe akutchula anthu oposa 20 mayina awo, mmodzimmodzi, ndipo ambiri akunena chimene anachita. Febe anali mtumiki wa mpingo wa ku Kenkrea, doko la Korinto. Priska ndi Akula, osoka mahema anzake a Paulo, anathamangitsidwapo ku Roma pamene mfumu Klaudio analamula kuti Ayuda onse achoke mumzindawo, ndipo atabwerera mpingo unkasonkhana m'nyumba mwawo. Nthawi imeneyo kunalibe matchalitchi. Ndinawerengapo kuti malo achikhristu opemphereramo akale kwambiri amene akatswiri anafukula ali ku Dura-Europos, m'dziko la Syria, ndipo inali nyumba wamba imene anaikonza cha m'ma 240 AD pogumula khoma pakati pa zipinda ziwiri kuti anthu pafupifupi 70 akwanemo. Ife sitikufikako n'komwe pa 70.

Pamene ndinatsamwa ndi pa vesi 13, pamene Paulo akupereka moni kwa Rufo ndi kwa mayi ake a Rufo, n'kunena kuti mayiwo ndi mayi akenso. Dzina lawo sanalilembe. Sitikudziwa kuti anamuchitira chiyani, koma munthu wolimba ngati Paulo anafika powatchula kuti amayi.

Kumene ndinkapemphera kale kunali anthu ambirimbiri, nyimbo zabwino, ulaliki womveka. Sindikunyoza, alipo amene amakulako bwino mwauzimu. Koma ine ndinkalowa n'kutuluka popanda wondidziwa, ndipo nditasiya kupita palibe anandifunsa. Chikhulupiriro changa sichinathe ndi mkangano kapena funso lalikulu ayi, chinangozilala ngati moto wopanda wosonkhezera. Kuno ndinabwera chifukwa mnzanga wakuntchito anandikakamiza. Nditajomba koyamba, foni inalira Lolemba m'mawa. Anali agogo omwe aja. "Mwanawe, dzulo sitinakuone, uli bwino?" Zinandinyansa, ndisaname. Ndinkaona ngati akundilondalonda. Pano ndikamva kuti wina sanabwere, inenso dzanja limapita lokha pafoni.

Pa nthawi ya mapemphero tapempherera mwana wodwala uja. Pano sitinena kuti "odwala onse" n'kupitirira. Timatchula dzina, ndipo aliyense akumudziwa mwanayo, ndi uja amathamangathamanga pakati pa mipando ulaliki uli mkati. Pemphero la munthu amene ukumudziwa nkhope limatuluka mosiyana, sungalinene mwamwambo chabe. Mayi wina analephera kumaliza lake, mnzake anangolitenga pomwe linadukira n'kulifikitsa pa ameni. Ndikafunsidwa kuti ndinayambiranso pati kupemphera ndili ndekha kunyumba, yankho lake ndi limeneli: ndinali nditalonjeza anthu kuti ndiwapempherera, ndipo Lamulungu lotsatira ndinkayenera kuwayang'ana m'maso.

Koma tisanamizane, kuchepa kuli ndi zowawa zake. Nkhani yako siigona, ikamveka kwa mmodzi yamveka kwa onse. Anthu awiri akayambana, mpingo wonse umamva kuzizira chifukwa palibe kothawira, mukhala moyandikana basi. Lero lomwe titatuluka, abambo awiri anatsutsana za ndalama zolipirira chipindachi. Wina akuti tisamukire kotchipa, winayo akuti kumeneko n'kutali ndipo okalamba sangafike. Mawu anakwera mpaka ana anasiya kusewera. Ine ndili kumbali ya okalamba, ngakhale ndikudziwa kuti thumba la mpingo ndi lopyapyala ndipo bambo woyambayo ndi amene amaona mabuku mwezi ndi mwezi. Nanga mpingo wosamuka n'kusiya agogo m'mbuyo tiziutcha chiyani?

Chandidabwitsa n'chakuti atatha kukalipirana, awiri omwewo ananyamulira limodzi tebulo kulibwezera pamalo pake, wina uku wina uku, osalankhulana. Kenako anagwirizana za amene apite kuchipatala mawa kukaona mwana uja, ndipo apitira limodzi chifukwa galimoto ali nayo ndi mmodzi yekha.

Nkhani ya chipinda sinathe. Mkulu wa mpingo waitanitsa msonkhano Lachitatu madzulo, ndipo pondiperekeza pakhomo anati, "Achimwene, poti mayina aja mwawakwanitsa, Lachitatu mudzatilembere zokambirana." Ndayesa kukana, iwo angoseka n'kundipatsa kope.