Envulopu Imene Inakathera Nyengo Yozizira ku Arizona

Ku California munthu sangayendetse malo oimikapo nyumba zokoka ndi magalimoto ogonamo popanda chilolezo cholipirira chaka ndi chaka, ndipo pamalo amene ndimayang'anira kufupi ndi Fresno chilolezocho chimachokera ku nthambi ya boma yoona za nyumba, yotchedwa HCD. Malipiro ake amayambira pa madola 140, kenaka madola 7 pa puloti iliyonse ya nyumba, ndi tindalama tina pamwamba pake. Wochedwa masiku 30 amawonjezera 10 peresenti, koma wofika masiku 60 amalipira ndalama yonse kawiri.

Chaka china mayi amene ndi eni malowo anasaina cheke nthawi idakalipo, ine ndinamata sitampu, ndipo pamene ndinkatseka ofesi kuti ndipite ku positi, bambo wina wachikulire wa pa puloti yakumapeto anaimitsa chigalimoto chake chogonamo pakhomo.

“Achimwene, musawononge petulo, ine ndikudutsa komweko,” anatero, dzanja lili panja pa windo, ndipo ndinawapatsa envulopu ya chekecho.

Sananame, chifukwa pa positi anadutsadi. Chimene sanatchule n'chakuti ulendowo unali wa ku Quartzsite, m'chipululu cha Arizona, kumene okalamba a magalimoto otere amasonkhana m'miyezi yozizira kukaothera dzuwa ndi kugulitsana miyala. Foni yawo, monga mwa chizolowezi chawo, inali yozimitsa.

Ine ndinkagona tulo tabwino mpaka tsiku limene kunabwera kalata yonena kuti ndalama sizinafike. Ndinayankha molimba mtima kuti cheke chili m'njira, zomwe zinalinso zoona, kungoti njirayo inali yolowera boma lina. Eni malo ankakana kulemba cheke chachiwiri poopa kuti zonse ziwiri zidzatapidwa, ndipo pamene tinkakankhirana za amene apite ku banki kukaletsa choyambacho, tsiku la 60 linatidutsa mwakachetechete ngati fisi padambo. Chinatithamangitsa si chindapusa chokha: chilolezo chikaimitsidwa, mwini malo saloledwa kutolera lendi, ndipo alendi athu, amene sawerenga ngakhale chikwangwani cha zinyalala, lamulo limenelo ankalidziwa pamtima. Ena anayamba kundipatsa moni wansangala kuposa kale. Tinalipira kawiri, mayi aja akusaina milomo itauma.

Kutayamba kufunda, chigalimoto chija chinalowa pageti chili mbuu ndi fumbi. Bambo aja anatsitsa chotchingira dzuwa cha kutsogolo kuti apukute galasi, ndipo envulopu inagwera pamiyendo pawo, itapsa ndi dzuwa, ili ndi chizindikiro chozungulira cha kapu ya khofi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anabwera nayo ku ofesi ndi manja awiri.

“Achimwene, mwayi wanu,” anatero akuloza pakona. “Sitampu iyi ndi ya Forever, siitha ntchito. Chaka chino musagulenso ina, ndipo ngati mukufuna, Lachisanu ndikudutsa ku positi.”