Utsi wa njovu unapeza apongozi

Munda wathu uli pafupi ndi nkhalango ya Kasungu, ndipo chimanga chikayamba kukhwima mu Malichi tulo timatiiwala. Chichokereni 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde, kumenya zitini sikukwaniranso. Iwe ukumenya chitini, iyo ikukudyera mondokwa mwachifatse ngati waiitanira gule.

Ndiye ndinati ndiumbe njerwa za tsabola. Ine ndinatola ndowa ziwiri za ndowe zaziwisi za njovu (za ng'ombe nazonso zimatheka), n'kusakaniza ndi ndowa imodzi ya tsabola wouma wosinja, timadzi pang'ono kuti zigwirane. Umaponda, kuthira m'chikombole cha njerwa wamba, n'kuboola kadzenje pamwamba ndi chala chachikulu. Ziume gwa padzuwa, chifukwa yanyontho imazima usiku usanafike pakati. Madzulo umaika khala la moto pakadzenjeko. Njerwayo sichita lawi, imangonyeka pang'onopang'ono kwa maola, ikutulutsa utsi woyabwa umene chitamba cha njovu sichiufuna n'komwe.

Ndinayamba kulakwa pamtondo. Kambuzi uja ndinasinjira mu mtondo wa mayi a ana, womwe amakonolera chimanga. Mtengo umamwa ukali wa tsabola, kutsuka sikuthandiza. Sabata yonse ana ankamwa phala akulira, osadziwa chowaliza.

Kenako manja. Ndinaponda zonsezo opanda magolovesi, osavala ngakhale jumbo, ndiye ndinapita kuseri kwa nyumba kukataya madzi. Zimene zinachitika kumeneko ndisafotokoze. Ndingoti ukali wa tsabola suchoka ndi madzi okha, umafuna sopo wambiri kapena mafuta ophikira, ndipo ine ndinadziwa zimenezi nditavina kale ngati chilombo cha gule pabwalo lopanda ng'oma.

Koma chachikulu ndi mphepo. Njerwa zimaikidwa poti mphepo itenge utsi kupita kumene njovu zimatulukira, ndipo usanayatse umaponya kafumbi m'mwamba kuti uone kolowera. Ine fumbi ndinaponya masana, n'kuyatsa usiku, mphepo itatembenuka kalekale. Njerwa zisanu ndi imodzi, zonse kumbali ya nkhalango, ndipo kunsi kwake kuli msasa wolonderamo, mmene apongozi anga aamuna anali atagona pamphasa atafunda bulangete.

Poyamba ndinamva kakhosomo kamodzi. Kenako kuyetsemula kotsatizana. Kenako msasa wonse unagwedezeka, nkhalamba ija n'kutulukira kukhoma kopanda khomo, udzu uli kumutu, ikuthawa liwiro la mtondo wadooka kulowera kudambo.

"Bambo, imani! Kulibe njovu!"

"Njovu ndikanapirira! Mwathira chiyani pamoto inu?"

Ndinkafuna kupepesa mwaulemu, koma utsi unandipeza ndili chogwada, ndipo kupepesa kwanga konse kunatuluka ngati kulira kwa bulu. Tinakakhala kudambo awiriwiri, misozi ili mbwembwembwe, osayang'anana. Kutacha tinapeza mapazi aakulu ngati beseni pakati pa mizere. Zinalowera kumene kunalibe utsi, n'kudya mizere khumi ndi maungu omwe.

Mlamu wanga, yemwe ndi mphunzitsi, anabwera kudzandipepesa ndi nkhani ya ku Australia. Mu 1932 alimi a tirigu a ku Campion, kumadzulo kwa dzikolo, anazunzika ndi mbalame zotchedwa emu, zonga nthiwatiwa, pafupifupi 20,000. Boma linatumiza asilikali motsogozedwa ndi Major Meredith, ndi mfuti zachiwaya ziwiri za Lewis ndi zipolopolo 10,000. Mbalamezo zikamva kulira kwa mfuti zinkabalalika timagulutimagulu. Tsiku lina zitasonkhana bwinobwino, mfuti inakanirira. Anaikweza palole, koma loleyo inalephera kuzipeza, ndipo mabampu sanalole woombera kuomba ngakhale kamodzi. Pasanathe sabata anabwerera. Atapitanso kachiwiri, pomaliza anawerenga mbalame zophedwa 986 pa zipolopolo 9,860, khumi pa mbalame imodzi, zotsalazo zikudyabe tirigu.

"Ndiye musadandaule alamu," anatero, "ngakhale asilikali zinawakanika."

Apongozi anali pakhonde, kansalu konyowa kali m'maso. Anatsokomola kaye, n'kufunsa osatembenuka: "Asilikali akewo, anaomberako apongozi awo?"