Zaka 5 tikutsitsa ma pikapu a fowilo kuno ku Biwi

Abale anga, mwezi uno garaji yathu yakwanitsa zaka 5 ndipo mtima wanga wadzaza zedi. Amene mumatidziwa mukukumbuka kuti tinayambira pansi pa mtengo wa mango kuno ku Biwi, jeke imodzi, bokosi la masipanala ndi mnyamata mmodzi basi, lero tili ndi shedi yathuyathu, dzenje lolowera pansi pa galimoto komanso anyamata anayi amene akudyetsa mabanja awo ndi ntchito imeneyi.

Anthu amadabwa kuti fowilo munthu amaigulira kutalikako, nanga kuitsitsa bwanji? Ma Hilux ndi ma Ranger ena ochokera ku Joni amafika atawakweza kale, pamene bwana waigulayo ulendo wake ndi Area 47 kupita ku City Centre, madamu akuvutika kukwera, pa kona galimoto ikupendekeka. Ena ndi a bizinesi, tsiku lonse kukweza matumba a 50kg mpaka msana kuwawa. Enanso amangofuna kumbuyo kufanane ndi kutsogolo, poti pikapu yopanda katundu imatukuka kumbuyo.

Koma ndinene poyera, kutsitsa si kutenga gulainda nkudula masipuling'i kapena kuwawotcha ndi gasi ngati mmene ena amachitira, kumeneko nkupha munthu. Nissan Hardbody ndi Hilux zambiri zakale zija kutsogolo zili ndi torsion bar, chitsulo chachitali chogwira ntchito ngati sipuling'i, chimene timamasula pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri tikuyeza ndi tepi. Hilux zoyambira 2005 kubwera kuno zili ndi koyilo, sipuling'i yozungulira ija, pamenepo pamafunika sipuling'i yaifupi yopangidwira zomwezo ndi shoko yogwirizana nayo. Kumbuyo ndiye ambiri amasokonezeka, pa fowilo zambiri masipuling'i amakhala pamwamba pa ekiselo ndiye ukaika buloko, kachitsulo kolowa pakati pa sipuling'i ndi ekiselo, galimoto imakwera mmalo motsika, ife timasintha kupindika kwa masipuling'iwo nkuika ma U-bolt atsopano, mabawuti omangira masipuling'i ku ekiselo. Tikatero timaona mmene ma CV joint ndi propshaft (zitsulo zopititsa mphamvu ya injini ku matayala) akhalira, mpata wa bump stop (mphira woletsa zitsulo kugundana pa bampu), vavu ya mabuleki akumbuyo pa magalimoto akale aja, kenako alaimenti (kuwongola matayala) ndi kuwongola magetsi. Potsitsa sitipyola masentimita 5. Mahampu a mu Lilongwe muno mukuwadziwa, ndipo amene amapita kumudzi nthawi ya dzinja timawauza kuti bwana isiyeni chomwecho, ngakhale ndalama tikuifuna.

Chimene chinatsala pang'ono kutitseketsa ndi November 2023, kwacha itagwa ndi 44%. Tinali titalandira madipoziti a makasitomala atatu, theka la ndalama titatumiza kale kwa munthu wina wa mapatsi ku Joni. Bambo amenewo anakweza mtengo pa katundu amene tinagwirizana kale, katunduyo atafika tinapeza masipuling'i a galimoto ina, foni osayankhanso. Akudzidziwa, ndipo mpaka lero sitinagulenso ngakhale bawuti imodzi kwa iwo. Magalimoto atatu ali pa matabwa, eni ake tsiku ndi tsiku pa geti. Ndinapita kwa munthu wa katapila amene ndinkamutcha achimwene, chiwongoladzanja chake chinandigulitsitsa njinga yanga yamoto. Koma palibe kasitomala amene tinamuuza kuti aonjezere, onse anatenga magalimoto awo pa mtengo umene tinagwirizana. Miyezi imeneyo ndinkagona pang'ono kwambiri, koma atatu omwewo ndi amene atibweretsera anthu ambiri kuposa wina aliyense.

Ndithokoze Mulungu poyamba. Mayi a kunyumba, munaphika mandasi kuti ana asasowe fizi ine ndikubweza ngongole, zikomo mayi. Amalume amene munandigwiritsa sipanala ndili mwana, anyamata anga amene munagwira ntchito miyezi iwiri malipiro akubwera mwa apo ndi apo osanyanyala, achimwene owotcherera apafupi nafe amene mumatibwereka makina magetsi akavuta, amayi a nsima amene mumatikongoza nkhomaliro, a mpingo amene munatipempherera, madalaivala a mathiraki amene mumatinyamulira mapatsi mokhulupirika kudzera pa Dedza, ndi inu makasitomala nonse, Mulungu akudalitseni koposa.

Pokondwerera, mwezi wonse uno kuyang'ana sasipenshoni (masipuling'i ndi mashoko) ndi ulere, ndipo amene atsitse galimoto yake alaimenti tilipira ife. Timabwezeretsanso fowilo zokwezedwa kufika pa msinkhu wa kufakitale, timasintha mabushi, mashoko ndi ma ball joint. Pakatha ma kilomita 500 mubwere tidzamangitsenso ma U-bolt osalipira. Timatsegula 7 koloko mmawa Lolemba mpaka Loweruka, bwerani nayo galimotoyo tiyeze limodzi muli pompo musanatulutse ndalama.