Anthu enieni ndi ati? Pamene mutu wa populism unanditsegukira

Lachiwiri usiku magetsi atazima ku hostelo, ndinali chigonere pabedi ndikuwerenga ndi kuwala kwa foni mapepala omwewo amene ndakhala ndikuwatembenuza kuyambira kumayambiriro kwa semesita. Ndinangozindikira ndadzuka n'kukhala tsonga, mpaka mnzanga wa m'chipinda anafunsa ngati ndadwala. Masabata asanu ndi limodzi ndakhala ndikulimbana ndi mutu wa m'kalasi yathu ya sayansi ya ndale wa populism ya andale a mbali ya kumanja, aja otsindika za mtundu ndi miyambo ya makolo, ndipo lero ndikulemba mtima uli m'malo. Mundipirire anzanga ngati nditalikitse.

Za kumanja ndi kumanzere sindibwerezanso, tonse tinazidutsa chaka choyamba. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti zowerenga zathu zinkatenga anthu osiyana kotheratu n'kuwaponya m'dengu limodzi. Donald Trump ndi mpondamatiki wa ku New York. Jair Bolsonaro anali kaputeni wa asilikali ku Brazil, kenako phungu kwa zaka zoposa 25. Viktor Orbán wa ku Hungary anatchuka mu 1989 ali mnyamata wodzudzula ulamuliro wa chikomyunizimu. Marine Le Pen wa ku France analandira chipani m'manja mwa bambo ake mu 2011. Akufanana pati anthu amenewa? Ine ndinkayesa populism ndi kulonjeza zaulere pa kampeni, kapena kungokhala wandale wokoka khwimbi la anthu. Ndikatero, wandale aliyense pa dziko lapansi ankakwanamo, ndiye mawuwo ankatha ntchito. Ngakhale tanthauzo la katswiri wa sayansi ya ndale Cas Mudde la mu 2004 lija, loti wa populism amagawa dziko pawiri, anthu oyera mtima uku ndi akuluakulu ovunda uko, ndinaliloweza pamtima osalimva. Ndinkati, nanga chipani chotsutsa chiti chimene sichinena kuti olamulira ndi akuba?

Chinandimasula ndi chiganizo chimodzi cha Nigel Farage, wandale wa ku Britain amene ankalimbikitsa kuti dzikolo lituluke mu European Union. M'bandakucha wa pa 24 June 2016, zotsatira za referendamu ya ku Britain zikutuluka, iye ananena kuti uku kunali kupambana kwa anthu enieni. M'Chingerezi ndinali nditachiwerenga kangapo osaonapo chachilendo. Usiku uja ndinachinena mokweza m'Chichewa: anthu enieni. Chinandiwawa m'khutu. Kwathu ukaloza wina n'kunena kuti uyu ndiye munthu weniweni, aliyense amene ali pabwalopo amadziwa kuti pali wina amene wamuvula umunthu. Ofuna kutuluka mu European Union anapeza 51.9 peresenti, ofuna kukhalabe anapeza 48.1, ndipo amenewa anali anthu oposa 16 miliyoni. Ngati opambanawo ndiwo anthu enieni, nanga 16 miliyoni awa ndi chiyani?

Apo m'pamene ndinamvetsa zimene katswiri wina wa sayansi ya ndale, Jan-Werner Müller, amatanthauza. Kudzudzula akuluakulu pakokha si populism. Chizindikiro chake ndi mawu akuti ife tokha: ife tokha ndiye tikuyankhulira anthu, ndipo amene sali nafe si mbali ya anthuwo. Wandale wa demokalase akawina amati ambiri andisankha, ndipo amadziwa kuti ochepa aja mawa akhoza kudzakhala ambiri. Wa populism amati anthu andisankha, ngati kuti dziko lonse lili ndi mtima umodzi ndi pakamwa pamodzi, ndipo pakamwapo ndi iyeyo.

Nditangogwira ichi, zinthu zimene ndinkaloweza padera padera zinayamba kulumikizana zokha. Taganizirani munthu amene amakhulupirira kuti iye ndiye anthu, kenako waluza chisankho. Afotokoza bwanji? Kunena kuti anthu andikana sangathe, chifukwa anthu sangadzikane okha. Chatsala n'kunena kuti abera. Orbán ataluza mu 2002 ananena kuti dziko la makolo silingakhale kumbali yotsutsa. Ndinkaliona ngati dandaulo chabe la munthu wopwetekedwa, koma tsopano ndikuona kuti chiphunzitso chonse chili m'chiganizo chimenecho: chipani chake ndiye dziko, ndiye wina akamalamulira ndiye kuti dziko lalandidwa. Trump mu 2020 anapambanidwa ndi Joe Biden ndi mavoti pafupifupi 7 miliyoni, anakana kuvomera, ndipo pa 6 January 2021 omutsatira anathyola nyumba ya malamulo ku Washington. Bolsonaro anayamba kale kunyoza makina ovotera chisankho chisanachitike, makina omwewo amene anamulowetsa m'boma mu 2018. Lula da Silva atamupambana mu October 2022 ndi 50.9 peresenti, otsatira Bolsonaro analowa mwachiwawa m'nyumba ya malamulo, m'bwalo lalikulu la milandu ndi m'nyumba ya pulezidenti ku Brasília pa 8 January 2023. Poyamba ndinkati a ku Brazil anangotengera za ku America. Mwina kutengera kulipo, koma muzu wake ndi umodzi.

Koma chimene chandidyera nthawi yambiri ndi Hungary, chifukwa kumeneko kunalibe kuthyola mawindo. Zonse zinayenda mwalamulo. Mu 2010 chipani cha Orbán cha Fidesz chinapeza mavoti pafupifupi 53 peresenti, koma malinga ndi kawerengedwe ka kumeneko chinatenga mipando 263 mwa 386, kuposa magawo awiri mwa atatu, amene ndi okwanira kusintha malamulo oyendetsera dziko. Mu 2011 analemba malamulo atsopano oyendetsera dziko, amene anayamba kugwira ntchito pa 1 January 2012. Oweruza a bwalo loona za malamulowo anawachulukitsa kuchoka pa 11 kufika pa 15. Zaka zopumira pantchito za oweruza anazitsitsa kuchoka pa 70 kufika pa 62, moti oweruza oposa 200 anachoka nthawi imodzi. Mipando ya aphungu anaichepetsa kufika pa 199, malire a madera n'kuwadulanso mwatsopano. Taonani tsono zotsatira zake: mu 2014 mavoti awo anatsika kufika pa 45 peresenti, koma anatenga mipando 133 mwa 199, magawo awiri mwa atatu omwe aja. Mavoti atsika, mphamvu ili pomwepo. Chaka chomwecho Orbán ananena poyera kuti akumanga boma losatsatira mfundo za liberal, zija zoteteza ufulu wa munthu aliyense ndi kuika malire pa mphamvu za boma, ndipo mu 2018 nyuzipepala, mawailesi ndi masamba a pa intaneti oposa 400 anasonkhanitsidwa pansi pa bungwe limodzi logwirizana ndi boma.

Manambala amenewa ndinawalemba pa katoni ya sopo imene ndinamata pakhoma, ndipo ndawayang'ana masiku atatu. Anthu ankavotabe. Mabokosi ankatsegulidwa, mavoti n'kuwerengedwa. Chimene chinasintha ndi bwalo losewererapo, lapendekera mbali imodzi. Ndipo kwa munthu amene amati iye ndiye anthu, palibe cholakwika apa. Woweruza amene wakana lamulo lake, mtolankhani amene wamufunsa, onse akutsekereza chifuniro cha anthu. Kuwachotsa panjira, kwa iyeyo, ndiye demokalase imene.

Nanga chakumanja chili pati? Apanso Chichewa chinandithandiza. Wa populism aliyense ali ndi mdani wam'mwamba, akuluakulu aja. Wa kumanja amawonjezera mdani wapambali: obwera. Nkhani yake imakhala yoti akuluakulu agulitsa eni nthaka pokondera obwera. Mu 2015 Hungary inamanga mpanda wa waya m'malire ake ndi Serbia kutsekereza othawa kwawo, ndipo patapita nthawi pang'ono zikwangwani za boma zinadzaza misewu ndi nkhope ya George Soros, mpondamatiki wa ku America wobadwira ku Hungary, kumunena kuti ndiye akufuna kudzaza dzikolo ndi alendo. Mdani wam'mwamba ndi wapambali pa chithunzi chimodzi. Ine pamenepa sindiwerenga ngati nkhani yakutali. Malume anga amagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Johannesburg, ndipo akamaimba foni amatsitsa mawu akakhala mu takisi kuti Chichewa chisamveke. Mu 2008 ziwawa zolimbana ndi obwera ku South Africa zinapha anthu 62, ndipo gulu la Operation Dudula limene linayambira ku Soweto limayankhula chiyankhulo chomwechi cha eni ndi obwera. Sindikunena kuti ndale za kumeneko n'zofanana ndi za ku Hungary. Ndikungoti pamene wina akuwerenga amene ali anthu enieni, ife a Malawi nthawi zambiri timapezeka kunja kwa chiwerengerocho.

Njira yanga tsono ndi iyi, ndipo ndikuikhulupirira kwambiri. Tengani zoyankhula za wandale aliyense, paliponse pamene pali mawu a Chingerezi akuti people muwatembenuzire m'Chichewa. Chingerezi chimabisa, chifukwa liwu limodzi limanyamula zonse. Chichewa chimakukakamiza kusankha: kodi akunena nzika, kapena mtundu, kapena eni nthaka? Nzika ndi aliyense, ngakhale amene sanakuvotere. Mtundu ndi wa magazi. Eni nthaka sangakhalepo popanda obwera. Ndinayesa pa mfuu ya ku Germany yoti Wir sind das Volk, kapena kuti ife ndife anthu. Mu 1989 anthu a ku Leipzig ankaifuula kwa boma la chikomyunizimu, ndipo m'Chichewa imatuluka kuti nzika ndife, timvereni. Kuyambira 2014 gulu la Pegida ku Dresden linatenga mawu omwewo pa zionetsero zodana ndi Asilamu ndi obwera, ndipo apo imatuluka kuti eni nthaka ndife. Mawu sanasinthe ngakhale chilembo chimodzi, koma Chichewa chinakana kuwamasulira mofanana. Kwa ine njira imeneyi yaposa makalasi onse a semesita ino kuwaphatikiza pamodzi, ndipo ndikuona kuti ingagwire pa mutu uliwonse wa sayansi ya ndale. Mnzanga wina wa m'gulu lathu lowerengera akuti ndikungoika maganizo anga m'kamwa mwa woyankhulayo pomasulira. Ndamumva, koma sindinaisiye.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zonsezi zikanatheka sabata yoyamba. Aphunzitsi athu anabwera ndi matanthauzo asanu ndi atatu pa pulojekita, kuwawerenga limodzi limodzi, ife n'kumakopera. Wina atakweza dzanja kufunsa kuti tanthauzo logwira ntchito ndi liti, yankho linali loti zonse zili m'zowerenga, nthawi yatha. Sanatipatse ngakhale chiganizo chimodzi cha wandale weniweni kuti tichisende tokha. Ndikudziwa kuti kalasi ndi ya anthu oposa zana ndipo iwonso akuthamangitsidwa ndi kalendala, koma mutu waukulu chonchi kuupatsa maola anayi, kenako kudzaufunsa pa mayeso ngati funso la malikisi 25, si chilungamo. Buku lofunika lili limodzi mu laibulale, ndipo amene walipeza amalibisa pa shelefu ya maphunziro ena. Bandulo yanga ya mwezi inathera kutsitsa mapepala amene theka lake sanandithandize. Mayeso atsala masabata awiri, ndipo pali mitu itatu imene sindinaikhudze chifukwa cha uwu.

Komanso sindikufuna kunama kuti zonse zalowa m'malo. Poland ikundivuta. Chipani cha Law and Justice chinawina mu 2015, chinalimbana ndi makhoti mofanana ndi Hungary, koma mu October 2023 anthu pafupifupi 74 peresenti anatuluka kukavota, zipani zotsutsa zinapeza mipando yambiri, ndipo Donald Tusk analowa m'boma mu December. Chipanicho chinachoka. Mu 2025 Karol Nawrocki, amene chipani chomwecho chinamuthandiza, anawina upulezidenti. Ku France bambo ake a Le Pen anapeza 17.8 peresenti pa gawo lachiwiri la chisankho cha pulezidenti mu 2002, mwana wawo anapeza 33.9 mu 2017 ndi 41.5 mu 2022, ndipo maulendo onse awiri anavomera kuti wagonja. Ndiye si onse amene amakana zotsatira. Kodi amenewa ndi a populism osakhwima, kapena mfundo yanga ija ikufotokoza ena okha? Ndipo anthu mamiliyoni amene amawavotera, ambiri ali ndi madandaulo enieni a ntchito zimene zinatha ndi matauni amene anaiwalidwa. Njira yanga yomasulira imandiuza zimene mtsogoleri akunena, koma siindiuza chimene wovota akumva.

Chomaliza chimene chikundisowetsa tulo n'cha kwathu konkuno. Mu 2019 otsutsa anati chisankho cha pulezidenti chinasokonezedwa, ndipo pa 3 February 2020 oweruza asanu anagwirizana nawo, n'kulamula chisankho chachibwereza chimene chinachitika pa 23 June. Choncho kunena kuti chisankho sichinayende bwino si chizindikiro cha populism pachokha. Ndinadziyankha kuti kusiyana kwake ndi umboni: kuno mapepala opakidwa tipeksi anaonetsedwa m'khoti, pamene a Trump anapita kukhoti maulendo oposa 60 n'kuluza pafupifupi onse, koma anakanabe. Yankho limeneli linandikhutiritsa tsiku limodzi. Kenako ndinayang'ananso katoni ija pakhoma, pamene ndinalemba 70 ndi 62. Ngati woweruza ndiye amatiuza amene akudandaula moona ndi amene akungokana kugonja, nanga m'dziko limene oweruzawo anasankhidwa kale ndi mbali imodzi, wophunzira ngati ine ndisiyanitsa ndi chiyani? Funso limeneli ndalilemba kumbuyo kwa kope, ndipo ndikalifunsa ku gulu Lachisanu, ngati anzanga adzabwere.