Wogonetsa odwala masana, wokonza Linux usiku

Mwezi wonse uno ndaima pa mutu umodzi m'maphunziro anga a Linux (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ngati Windows), wa scheduler. Aka ndi kachigawo ka kernel, mtima wa Linux, kamene kamagamula kuti pulogalamu iti igwire purosesa (ubongo wa kompyuta) tsopano, iti iyambe yadikira, ndipo kwa nthawi yotalika bwanji. Ndinawerenga kangapo konse koma sizinkalowa. Chimene chinanditsegula mutu ndi ulendo wa ku chigayo Loweruka lapitali. Patsogolo panga panali bambo wina ndi matumba atatu a chimanga, kumbuyo kwanga mtsikana ndi kabeseni kakang'ono, ufa wa nsima ya madzulo omwewo basi. Mnyamata wa pachigayo atamaliza thumba loyamba anati, "Bambo, mulole mwanayu agayitse kaye, sachedwa ayi." Bambo aja anangotaya mphindi zochepa, pamene mtsikanayo akanaima pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Purosesa nayo ndi chigayo chotero. Pali mapulogalamu a matumba, pali a kabeseni, monga kusuntha mbewa ya kompyuta (mouse) kapena kuimba nyimbo, amene safuna zambiri koma safunanso kudikira.

Pofufuza mbiri ya kachigawo kameneka ndi pamene ndinakumana ndi dzina la Con Kolivas, ndipo ndi iye amene wandilembetsa lero.

Kolivas ndi dokotala wa ku Melbourne, ku Australia. Ntchito yake inali yogonetsa odwala pa opaleshoni. Za kernel ankazigwira akaweruka, pa nthawi yake, popanda womulipira. Chinkamuwawa n'chakuti anthu ambiri okonza Linux maso awo anali pa maseva akuluakulu a makampani, pamene munthu wamba wokhala pa kompyuta yake kunyumba ankaona nyimbo zikudukaduka ndi mbewa ikukakamira ntchito yolemera ikangoyamba. Analemba scheduler yake yotchedwa Staircase, kenako Staircase Deadline, yogawa nthawi mwachilungamo m'malo mongoganizira kuti pulogalamu iyi mwina ndi yofunika. Sinalowe mu kernel yaikulu. Mu 2007 munalowa ya Ingo Molnár yotchedwa CFS, mu Linux 2.6.23, ndipo Molnár anavomereza poyera kuti ntchito ya Kolivas ndi imene inasonyeza kuti njira imeneyi n'njotheka. Chaka chomwecho Kolivas anasiya, atakhumudwa. Anadzabweranso mu 2009 ndi ina, BFS, kenako MuQSS, zonse akuzisunga payekha kunja kwa kernel yaikulu kwa aliyense wozifuna.

Ine ndine namwino, ndipo zaka zingapo ndagwira ku thiyeta. Ndimamudziwa munthu amene amakhala kumutu kwa wodwala uja. Dokotala wong'amba maso ake amakhala pa bala, ife athu pa zipangizo ndi thonje, koma wogonetsa amayang'ana manambala a pa makina ndi chifuwa cha wodwala, khutu lili pa kulira kwa kachipangizo ka pachala. Mpweya wa m'magazi ukayamba kutsika, kamvekedwe kake kamatsikanso, ndipo iye dzanja lafika kale pa chikwama chopumitsira ena tisanatembenuke n'komwe. Kwa munthu wotere masekondi awiri si kanthu kakang'ono. Ine ndikuganiza kuti diso limeneli ndi lomwe Kolivas anapita nalo ku kernel. Ena ankawerenga kuchuluka kwa matumba ogayidwa pa tsiku, iye ankaona mwana wa kabeseni.

Izi zandikhudza chifukwa kuyambira pamene ndinaika Debian, mtundu wina wa Linux, pa laputopu yakale ndakhala ndikudziona ngati mlendo. Anzanga kuntchito amandifunsa mwachikondi ndithu, "Anesi, ndiye mukufuna kutithawa mupite ku za makompyuta?" Ndinalibe yankho, chifukwa nanenso ndinkayesa kuti munthu sangaphunzire zinthu zotere popanda cholinga chosintha ntchito. Tsopano ndimayankha kuti ayi, sindikupita kulikonse.

Ndipotu ambiri amene anayambitsa zinthu zimene ndikuphunzirazi sanayambe ngati ntchito. Linus Torvalds anali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki pamene analengeza mu Ogasiti 1991 kuti akulemba kanthu kongosangalala nako, kamene sikadzakula, ndipo kanthuko ndi kamene kanadzakhala Linux. Slackware (mtundu winanso wa Linux) ya Patrick Volkerding ndi Debian ya Ian Murdock zonse zinabadwa mu 1993, eni ake adakali ana a sukulu. MINIX, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta imene Torvalds anayambirapo, inalembedwa ndi mphunzitsi wa ku Amsterdam, Andrew Tanenbaum, kuti aziphunzitsira ana ake a m'kalasi. Ngakhale Torvalds yemweyo, kuyambira 1997 mpaka 2003 anali wolembedwa ntchito ku Transmeta, kampani yopanga mapurosesa, asanayambe kulipidwa chifukwa cha Linux yokhayokha.

Koma sindifuna kuikometsa nkhaniyi kuposa mmene ilili. Masiku ano ntchito yaikulu ya mu kernel imagwiridwa ndi anthu olipidwa ndi makampani monga Intel, Red Hat ndi Google. Otsala aja, ogwira akaweruka, nthawi zina amasenza katundu woposa msinkhu wawo. Pali kapulogalamu kofinya mafailo kotchedwa xz, kamene kali pafupifupi mu Linux iliyonse. Kwa zaka zambiri ankakasamalira ndi munthu mmodzi, Lasse Collin wa ku Finland, ndipo mu 2022 anakumbutsa anthu amene ankamukakamiza kuti iyi ndi ntchito ya pa nthawi yake yopuma, yosalipidwa. Wina wodzitcha Jia Tan anabwera ngati wothandiza, anadekha zaka ziwiri mpaka anakhulupiriridwa, kenako anabisa khomo lachinsinsi mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1 loti adzalowere nalo m'makompyuta a anthu kudzera pa SSH, njira yolowera mu kompyuta uli kutali. Anatulukira ndi Andres Freund mu Malichi 2024. Iyeyu ntchito yake ndi ya PostgreSQL, pulogalamu yosunga deta, ku Microsoft, osati yosaka akuba. Anangoona kuti kulowa pa SSH kukudya purosesa mosayenera ndiponso kukuchedwa ndi theka la sekondi, ndipo sanalole kuti zimudutse. Anatsata mpaka anapeza muzu.

Theka la sekondi. Nditawerenga pamenepa ndinaika laputopu pambali kaye. Kumbali imodzi munthu wotopa amene wasiyidwa yekha pa ntchito imene dziko lonse likudalira, kumbali ina munthu amene anamva kuti kamvekedwe kasintha. Onse awiri ndimawadziwa. Ndawaona mu wodi usiku, namwino mmodzi ndi mabedi odzaza, wina aliyense wobwera n'kunena kuti "ndikuthandizeni" amamulandira ndi manja awiri chifukwa mphamvu zofunsa mafunso zatha. Collin sindingamuweruze ngakhale pang'ono.

Dzulo nditachoka ku shifiti ya masana ndinayesa ndekha zimene ndawerengazi. Ndinatsegula nyimbo, n'kuyamba kufinya chikwatu chachikulu cha zithunzi ndi xz yomweyo, pa ma core (zigawo za purosesa) onse awiri a laputopu yanga. Pa windo lina ndinatsegula top, kapulogalamu kosonyeza mmene purosesa ikugwirira ntchito. Fani inayamba kulira, pansi pa laputopu panatentha mpaka ndinaichotsa pamiyendo, ndipo manambala a purosesa anakwera mpaka kumapeto. Nyimbo sizinaduke, koma kutsegula masamba pa browser kunkalemera. Ndinaimitsa, n'kuyambanso ndi nice -n 19 kutsogolo kwa lamulo lija. Manambala a nice amayambira pa -20 kufika pa 19, ndipo ukapereka 19 ndiye kuti wauza pulogalamuyo kuti ikhale ngati bambo wa matumba atatu uja, izilola ena kudutsa. Masamba anayamba kutseguka mopepuka, ndipo kufinyako kunangochedwerako pang'ono.

CFS ija nayo inapuma mu 2023, pamene Linux 6.6 inabwera ndi scheduler ina yotchedwa EEVDF. Imeneyo sindinaimvetse bwino, makamaka mmene imawerengera ngongole ya nthawi imene pulogalamu iliyonse ili nayo. Sabata ikubwerayi ndili pa shifiti ya usiku, choncho ndidzaiyamba Lachisanu ndikagona mokwanira.