Boti la aluminiyamu, sabata yachitatu: madzi atisonyeza podontha

Anzathu amene mukufunsa za mtundu wa penti ya boti limene tikukonzali, dikirani kaye, burashi sitinaigwire n'komwe. Sabata yonseyi yathera pa mariveti, timisomali tolumikiza malata a boti. Botili ndi la mamita 4.2, lata lake ndi mamilimita 1.6 m'mbali ndi 2 pansi, ndipo lakhala zaka litangogona pa udzu kufupi ndi nyanja ya Chivero ku Zimbabwe, madzi a mvula akudikha m'kati.

Loweruka tinalikweza pa zigogo zinayi zopingasa matabwa, kuti munthu athe kugona chagada n'kuona kunsi. Titapukuta kunja mpaka kuuma gwa, tinathiramo madzi kufika masentimita 12, malita ngati 400. Musamadzaze mpaka pakamwa. Malita 1,000 ndi tani yathunthu, ndipo boti linapangidwa kuti madzi azilikankha kuchokera kunja. Akalemera m'kati amakanula misoko imene inali bwinobwino. Patatha theka la ola timadontho tinayamba kulendewera pa mitu ya mariveti. Tinazunguliza ndi cholembera chakuda pamalo 23, ambiri cha kumbuyo kumene injini imagwedeza, komanso mng'alu wa masentimita 6 pambali pa nthiti yachitatu.

Riveti yodontha siyofunika kuchotsa nthawi zonse. Mmodzi agwire chitsulo cholemera, cha makilo awiri kapena atatu, pa mutu wa riveti kunjako, winayo amenye m'kati ndi hamala ya mutu wozungulira. Kawiri kapena katatu basi. Mukapitiriza, lata lozungulira bowolo limapyapyala n'kuyamba kung'aluka. Mwa njira imeneyi 14 anatseka.

Asanu ndi anayi otsalawo anali ofumbwa, ukawakanda akutuluka ufa woyera ngati phulusa. Amenewa tinaika kadontho ndi panchi pakatikati pa mutu, n'kuboola ndi dirilo ya mamilimita 4.8 kuya kwa mutu wokha, mutuwo n'kuthyoka, tsinde lake n'kulikankha ndi panchi. Mukaboola mpaka kuseri dirilo imaterereka, bowo n'kukhala ngati dzira. Ife mabowo awiri atichita zimenezi ndipo tawakulitsa kufika 6.4. Riveti yatsopano itulukire kuseri pafupifupi kamodzi ndi theka ka kunenepa kwake, kutanthauza mamilimita 7 pa ya 4.8, ndipo musanailowetse ipakeni zomatira za polyurethane pang'ono. Mariveti okoka aja odzaza m'mashopu a hadiweya m'tauni ndi abwino pa zitseko, koma pansi pa boti ayi: pakati pake m'pobooka, ndipo kamsomali kotsalira m'katimo nthawi zambiri n'kachitsulo, kamachita dzimbiri. Pomwe dzanja silifika, funani otseka kumapeto, a msomali wa aluminiyamu.

Chimene chatiwawa mtima chili kumbuyo, pa thabwa logwira injini. Amene analikonza kale anaikapo thabwa lobiriwira, la mankhwala a chiswe aja timamangira mipanda. Mankhwala amenewo, CCA, ali ndi kopa. Kopa akakhudzana ndi aluminiyamu pachinyezi, wodyeka ndi aluminiyamu. Titachotsa thabwalo lata linaoneka ngati lajomphedwa ndi nkhuku, timaenje tokhatokha, tinayi tobooleratu moti tochi imaonekera kuseri. Mabawuti ake analinso achitsulo wamba, ndipo bowo lililonse lazunguliridwa ndi ufa woyera uja. Tadula mapisi awiri a pulayiwudi ya m'madzi ya mamilimita 18, tawamata pamodzi ndi guluu wa epoxy, ndipo tipakanso epoxy katatu mbali zonse, makamaka m'mphepete momwe madzi amalowera. Mabawuti akhala a stainless, chitsulo chosachita dzimbiri, ndi mawashala a nayiloni kuti asagundane ndi lata. Chifukwa chomwechi, penti yoletsa ndere yokhala ndi kopa isayandikire botili.

Pa mng'alu uja ambiri atiuza kuti tingowotcherera. Takana. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, pamene kachikamba kake kapamwamba, kamene kamapangika akakhudzana ndi mpweya, kamafuna oposa 2,000, n'chifukwa chake pamafunika makina apadera owotcherera otchedwa TIG, a magetsi a AC, mpweya wa argon ndi waya wa aluminiyamu wa mtundu wa 5356, osati makina owotcherera mageti. Ngakhale mmisiri akhale katswiri, moto pa lata lopyapyala chonchi umalipinda, n'kumasula mariveti oyandikana nawo, n'kupsereza zomatira za m'misoko. Ife tinaboola kabowo ka mamilimita 3 kumapeto onse awiri kuti mng'aluwo usapitirire, tinadula chigamba cha aluminiyamu wa mtundu wa 5052 cha mamilimita 2 chopitirira masentimita 4 mbali zonse, ngodya zake tazizunguliza, ndipo tachimanga ndi mariveti otalikirana mamilimita 25, pansi pake pali zomatira za Sikaflex 291. Silikoni wonunkha viniga uja musagwiritse, sagwira bwino pa aluminiyamu ndipo penti siimata pamene iye wadutsa.

Pochotsa penti yakale tikugwiritsa sandipepala ya 80, kenako 120, ndi burashi ya stainless imene sinakhudzepo chitsulo china. Ya waya wamba imasiya tizidutswa m'lata, ndipo mvula yoyamba mudzaona timadontho ta dzimbiri. Caustic soda ndiye ayi ndithu, amadya aluminiyamu weniweniyo uku akutulutsa mpweya wa hydrogen woyaka. Lata likayera silichedwa kuvala kachikamba kena, choncho etch primer, penti yoyambirira yogwira pa lata, iyenera kupakidwa tsiku lomwelo, mopyapyala, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno tidzapaka m'mamawa lata lisanatenthe.

Dzulo tathiramonso madzi kachiwiri. Chigamba chauma, mariveti 21 auma, koma awiri a pansi pa mpando wa kumbuyo akulirabe misozi pang'onopang'ono. Pamenepo hamala siifika, ndiye Loweruka tichotsa mpandowo, mariveti ake 16, tisanayambe china chilichonse.